Tsiku Limene Ndinathawa Luzi

Ndivomere pamaso pa anthu: ine, amene ndinasiya koleji aphunzitsi asanaloweze dzina langa, ndinathawapo luzi.

Masiku amenewo ndinkachita lendi ku Chikanda, ndipo ndinkafunsira mtsikana wa m'kalasi mwathu, Tadala. Loweruka lina ndinamutenga kuti tikwere phiri la Zomba, tikadye masitiroberi. Ndinali nditamuuza kuti phirilo ndimalidziwa ngati kuseri kwa nyumba yathu. Zoona zake, mnzanga wina anali atandiopseza kuti kumeneko kuli mamba, ndiye njira yonse maso anga anali pansi. Mitengo ya paini, chifunga, tauni yonse kumunsi, Tadala ankaziona yekha.

Tikutsika, ndinaona chinthu chakuda chitapindika pamsewu. Ndinakuwa kuti "Mayo!", n'kudumphira kumbuyo kwa Tadala, n'kumukankhira iye kutsogolo. Ndinauma pakati pa msewu, maso ali pachinthucho, osamva bambo wina amene ankatsetsereka ndi njinga yodzaza nkhuni, buleki yake ili patapata yomwe ankakanikiza patayala.

"Achimwene, chokani! Siima iyi!"

Tadala ndi amene anandikoka malaya, njinga n'kudutsa, kundisiyira mphepo yokha. Kenako anatola njoka yanga ija. Linali luzi lomangira nkhuni.

"Tengani, akatswiri a phiri, mukawete," anatero.

Zofunsira zinathera pomwepo. Phiri lija ndimalisowabe, mwina chifukwa sindinalione. Tadala anakwatiwa, amakhala ku Chinamwali ndi ana awiri. Tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu wonse, kenako n'kufunsa chapansipansi: "Nanga njoka yanu ija, inakula?"