Tsiku Limene Ndinagoneka Tivi ya Bambo Chammbali

Ndinawononga chinthu chokhacho chimene chinasunga mawu a malemu mayi anga, ndipo ndinachiwononga chifukwa cha masewera a pa kanema. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, inu owerenga. Ndikufuna muone mmene munthu angalakwire ali ndi chidziwitso chonse m'mutu mwake.

Ndinakulira ku Glen Norah, dera lina la mumzinda, m'dziko la anthu olankhula Chishona. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito ya ukalipentala mpaka msana unakana. Tili ana, pa mashopu a kwathu panali makina amodzi a masewera: bokosi lalitali lamatabwa, loimikidwa pakhonde la golosale pakati pa makreti a zakumwa ndi bambo wina wosoka nsapato. Galasi lake linali loimirira ngati chitseko, lalitali kuposa mulifupi mwake. Adani ankatsika m'mizere kuchokera pamwamba, iwe uli pansi ndi kandege kako, ukuwombera. Pamenepo tinkalankhula Chishona monga ana onse. Chichewa tinkachisiya pageti la kwathu, n'kudzachitola pobwerera.

Makina aja anachoka kalekale, golosaleyo inasanduka saluni. Ine ndinapita ku yunivesite, ndinayamba kuphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Kuwadzana, ndipo mayi atamwalira ndinabwerera kudzakhala ndi bambo. Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandipatsa kakompyuta kakang'ono kodzaza ndi masewera akale. Aja a pakhonde analimo.

Koma chimwemwe changa sichinakwane. Makanema a masiku ano ndi opingasa, ndipo masewerawo ankaoneka ngati kamzere kopyapyala pakati, mdima uku ndi uku. Nditafufuza ndinapeza kuti amisiri akale ankatenga tivi wamba n'kuigoneka chammbali m'kati mwa bokosi lija. Chinsinsi chonse chinali chimenecho. Chithunzi umachitembenuza mu kompyuta, tiviyo n'kuigoneka, ziwirizo zikakumana masewera amadzaza galasi lonse. Ndikanatha kuchita zimenezi ndi kanema wanga wa kuntchito, koma chithunzi chake chinali chosalala mopitirira. Ine ndinkafuna galasi lotumbuka pakati, lowala mofewa, lomwe limakokera ubweya wa pamkono ukaliyandikira.

M'nyumba mwathu munali tivi imodzi yotero. Inali ya bambo, yakale, ya chimimba kumbuyo, yokhala ndi polowetsera kaseti kumunsi kwake. M'katimo munkakhala kaseti imodzi yokha, ya chinkhoswe cha mlongo wanga Esinati. Pa mwambowo mayi anaimirira m'holo yodzaza anthu olankhula Chishona, nalangiza mwana wawo m'Chichewa cha kwawo, osasakaniza ngakhale liwu limodzi. Kasetiyo bambo sankaitulutsa. Monga kalipentala, ankati chitseko chotsegulidwa kawirikawiri ndicho chimatha mahinji. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ngati magetsi alipo, ankaonera mayi akulankhula, kenako n'kubweza tepi kufikira pamene mayi akunyamuka pampando, kuti sabata yamawa asavutike kufunafuna.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikubwereza kuti ndinkazidziwa.

Loweruka lina m'mawa bambo anakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku msika waukulu wa Mbare Musika kukagula matemba ndi kukacheza ndi anzawo akale. Ndinachotsa kansalu kovundikira tivi kamene mayi anapeta, ndinanyamula tivi ija, ndinaigoneka chammbali pa tebulo. Ndinachita mosamala ngati munthu wa mu labotale. Ndinaika mabuku pansi pake kuti tizibowo totulutsa kutentha tisatsekeke. Ndinali nditawerenga kuti mitundu idzasokonekera chifukwa cha mphamvu ya maginito ya dziko, ndipo inasokonekeradi, kona imodzi yobiriwira, ina yofiirira. Ndinazimitsa, ndinadikira kuti izizire, ndinayatsanso, mitundu inabwerera m'malo mwake monga anaphunzitsira mabuku. Ndinadzitama mumtima.

Sindinama, inu owerenga, maola amenewo anali okoma. Adani anatsika kuchokera pamwamba penipeni, kanyimbo kaja kanalira, ndipo ndinamva fungo la guluu wa wosoka nsapato ngati ali pakhomo. Zala zanga zinakumbuka zimene mutu unaiwala. Ndinakhalanso mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, mayi ali moyo, akudikira mkate umene anandituma.

Masana magetsi anathima. Ndinadzutsa tivi ija mofulumira kuti bambo asaipeze chigonere, ndipo poikhazika ndinamva kaphokoso m'kati, kochepa ngati tsamba louma. Sindinakalabadire.

Lamlungu bambo anakhala pampando wawo, jekete la ku tchalitchi asanavule, nadina batani. Makina analira ngati mbuzi ikutafuna mapesi, kenako anangoti zii.

"Yagwa kodi tivi imeneyi?" anandifunsa.

Ndikanatha kunamizira ukalamba wa makinawo, ndipo akanakhulupirira. Koma ndinawafotokozera zonse, za galasi loimirira, za maginito, za mabuku amene ndinaika pansi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga kaseti ya mayi ako unayamba waitulutsa?"

"Ayi, bambo."

"Chabwino, aphunzitsi," anatero. Anatenga kansalu kaja, navundikira tiviyo, nawongola m'mbali mwake.

Lolemba ndinaitengera kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Mbare. Atatsegula, anandionetsa zimene zinachitika. Tiviyo ikayaka, makina amakoka tepi kuchokera m'kaseti n'kuikulunga pa timawilo take. Ili chigonere, tepi inaterereka pa timawiloto, magetsi anathima ili panja, ine podzutsa ndinaikola m'zitsulo, ndipo batani la bambo linangomalizitsa. Mkuluyo anadula pamene panakwinyika ndi kung'ambika, nalumikiza zotsalazo. Koma kumbukirani pamene bambo ankaimitsira tepi. Mbali imene inali panja, imene inatafunidwa, inali ya mayi.

Zina zonse zilipo. Ankhoswe akupatsana nkhuku, atsikana akuvina, Esinati wawerama mwamanyazi. Mayi amaoneka akugwira mkono wa mpando kuti anyamuke, chithunzi n'kudumpha, ndipo akubwerera kukhala pansi anthu akuwomba m'manja. Esinati masiku ano amakhala ku Joni. Nditamuimbira foni sanandikalipire, anangofunsa ngati panali kaseti ina. Panalibe. Wojambulayo anamwalira, ndipo kwa zaka zonsezi ine, mwana wodziwa makompyuta, sindinaganizepo zosamutsira kanemayo pamalo ena.

Tsono malangizo anga ndi awa. Ngati mukulakalaka masewera a ubwana wanu pa galasi loimirira, pezani kanema wanuwanu, wokhala ndi mwendo wotembenuka, kapena tivi yakale yopanda mwini. Chinthu cha makolo musachikhudze iwo atachoka; kudikira kuti achoke ndi umboni wakuti yankho lawo mukulidziwa kale. Ndipo ngati kwanu kuli kaseti, chithunzi kapena kalata imene ilipo imodzi yokha, isamutseni sabata ino. Ine ndinasamala za kutentha ndi za maginito chifukwa zinalembedwa m'mabuku. Za kaseti sizinalembedwe paliponse. Zinkafuna kuti ndikumbukire kuti m'nyumbamo muli munthu winanso wosowa zakale zake.

Kanema wotembenuka ndinagula pambuyo pake. Masewera amadzaza galasi bwinobwino, koma sindiwayatsa kawirikawiri.

Bambo sanasiye mwambo wawo wa Lamlungu. Amaonera mpaka pamene mayi akugwira mkono wa mpando, n'kuimitsa tepi. Kenako, maso ali pa chithunzi choimacho, amanena okha malangizo onse aja a mayi kuyambira poyamba, mpaka pamene mayi ankatsokomola amatsokomolapo. Ine ndimakhala pambali ndi kope, ndikulemba. Sabata yatha anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lemba bwino, iwe. Inenso ndine kaseti imodzi."