Mmene a Faines Anakhalira Mmalawi Mwangozi

Aliyense wodutsa pa Malomo amawadziwa a Faines, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi pomwe amaima akabaza. Koma mukafunsa ndi dzina limeneli anthu amayamba akanda m'mutu, chifukwa kuno amadziwika kuti Mayi a ku Harare.

Bambo awo, malemu a Gregorio, anali mwana wa m'mapiri a Ntchisi muno. Anapita ku Harare ali mnyamata kukasaka ya njinga, ndipo njingayo anaisaka zaka makumi anayi. Tsiku limene Malawi ankalandira ufulu, iwo anali kusita malaya a mzungu. Anakwatira mkazi wa Chishona, nabereka a Faines, n'kumwalira komweko.

Tsono kwa Ashona mwana ndi wa bambo. Choncho a Faines, obadwira ku Mbare, komboni ya ku Harare, olankhula Chishona ngati wailesi, ankauzidwa kuti kwawo ndi ku Malawi. Pa chiphaso chawo panalembedwa kuti mlendo. Anzawo ankawatchula Mabulantaya, ngakhale bambo awo Blantyre anangomuonera pawindo la basi. Chaka chimene boma la kumeneko linagumula tinyumba ta m'makomboni, a Faines anamanga katundu, nati bola akakuone kwawoko kumene ankakumbutsidwa tsiku ndi tsiku.

Atafika analandiridwa bwino, nkhuku inafa. Patatha sabata ndi pamene anaphunzira kuti kwa Achewa mwana ndi wa mayi. Mayiko onse awiri anali aulemu kwambiri, lililonse linkawapereka kwa linzake.

Amene anawaphunzitsa mwambowu mosatopa ndi a Lester, mwana wa mlongo wawo wa a Gregorio, mkulu wa mpingo, amenenso ankalima munda umene amalume awowo anasiya. Pokhala asuweni, awiriwa ankanyozana mwaufulu. A Lester ankati akazi anga a kunja, a Faines n'kumati amuna anga aumbombo, onse n'kuseka. Kusekako kunkathera m'malire a munda. A Faines anapatsidwa kachigawo kotsetsereka, kamiyala, koti mbuzi ikafikapo imayamba yaganiza kawiri.

Mu 2017 kunabwera kalembera wa unzika. Mphekesera inafika kalemberayo asanafike: wopanda chiphaso sadzagulanso feteleza wotsika mtengo, foni yake idzatsekedwa, ndipo ena ankati adzakwezedwa lole. A Faines, amene anaionapo kale lole yotere, sankadya bwino. Analibe pepala lililonse la kuno. Chimene chikanawapulumutsa ndi mboni yodziwa makolo awo, ndipo wamkulu wotsala kubanja la bambo awo anali a Lester.

Atawapempha, a Lester anati aganizira. Anakaganizira pa bawo, pomwe anzawo anawatsegula maso kuti munthu akayamba ndi chiphaso, amatsiriza ndi munda. A Lester sanafune kukanira kunyumba ngati munthu wamantha. Anaganiza zokalongosola nkhaniyi pamaso pa boma, imveke kamodzi n'kutha.

Tsikulo anavala jekete ya ku tchalitchi. Olembera anali m'kalasi ya pa sukulu, ndipo amene anawalandira anali mtsikana wotopa, wokhala kuseri kwa kompyuta. A Faines anakhala pa desiki ya ana, mawondo akugunda thabwa, akuyang'anitsitsa a Lester, chifukwa jeketeyo ankaidziwa. Sinkavalidwa pa nkhani zabwino.

“Bambo, mayiwa mukuwadziwa?” anafunsa mtsikanayo.

“Kuwadziwa ndikuwadziwa, achemwali, koma mundimvetse. Ine sindinama, ndine mkulu wa mpingo. Bambo awo anali amalume anga enieni, bere limodzi ndi mayi anga. Mchombo wawo unakwiriridwa pa Malomo pano.”

Mtsikanayo anayamba kutayipa. A Lester ataona kuti mawu awo akulowa m'makina, anawonjezera moto. Anatchula agogo, anatchula mudzi, anatchula ndi mtengo umene a Gregorio anagwamo ali mwana. Kenaka anafika pa mfundo yawo, kuti zonsezi zilibe ntchito, pakuti kwathu kuno mwana ndi wa mayi, ndipo mayi ake a munthuyu anali Mshona.

“Ndiye bambo awo anali Mmalawi?”

“Kuposa inu ndi ine.”

“Zikomo. Sainani apa.”

A Lester anasaina ndi dzina lonse, n'kulembanso mzere pansi pake. Atabweza cholembera ndi pamene mtsikanayo anawauza, maso ali pa kompyuta, kuti lamulo limangofuna kholo limodzi, ndipo chiyambire m'mawa sanaone mboni yolongosola ngati iwo.

“Mayi, yang'anani kamera. Musaseke.”

A Faines amati pa moyo wawo wonse, ntchito yovuta inali imeneyo. Pa chithunzicho akuoneka ngati munthu amene wabisa mbatata yotentha m'kamwa.

Panjira a Lester atafika pa mlatho anati, “Akazi anga, munda si chiphaso.”

“Ndani watchula munda, amuna anga? Mawondo angawa akalime chiyaninso?”

A Lester sanakhulupirire. Sabata yomweyo anabzala khonje kuzungulira munda wonse, kudikira mlandu. Chiphaso chinabwera, feteleza a Faines anagula, koma mlandu sunabwere mpaka lero. Khonjeyo wakula bwino kwambiri, ndipo amene amabayidwa naye m'mawa uliwonse ndi mwini munda.