Ndowa ziwiri za achemwali a Enid

Achemwali anga a Enid tinawaika m'manda Lachinayi lapitali, konkuno ku Lungwena. Ine ndine mng'ono wawo, Olivia.

Anali atelala. Anayamba ndi kusoka zigamba pakhonde la golosale ku Mangochi, kenako analowa gulu la mayi Mwanamvua, azimayi sikisi osoka madiresi ndi zikwama zokagulitsa kwa alendo ku Chembe. Gululo nsalu yatsopano silinkagula kawirikawiri. Ankatola zotsala kwa atelala anzawo, ndi nsalu zoyera za pakaunjika, n'kuzinyika mu utoto. Kansalu kochepa ngati chala achemwali sankataya. Ankaponya m'thumba, likadzadza asoka pilo. Ngakhale ukonde wong'ambika wa amuna awo, alamu anga a Misheck, ankaupota n'kukhala chogwirira chikwama.

Chovuta chinali madzi a utoto. Utoto wina ankaphika okha ndi makungwa, koma wabuluu umene alendo amaukonda ndi wogula, ndipo amathiramo soda. Manja a achemwali anali ong'alukang'aluka, zikhadabo zabuluu mpaka kutchalitchi. Gulu linapangana kuti madzi amenewo asamatayidwe m'nyanja. Achemwali anakumba dzenje kumtunda, kuseri kwa munda wa chinangwa, n'kuyalamo makala ndi mchenga. Kuchoka pakhomo kufika kunyanja ndi pafupi, mwana ukhoza kumuitana akumva. Kudzenje ndiye ndi chitunda, ndowa ili pamutu.

Zaka seveni akukwera chitunda chimenecho.

Ine ndinkawaseka. "Achemwali, nyanja yonseyi ingade ndi kandowa kanu kamodzi?"

"Iwe, madzi a phala la mwana wako mawa ukatunga pati?"

"Pompo."

"Ndiye tenga nkhata, usandilankhulitse."

Sindinkatenga. Ndinene zoona, sindinawasenzereko ngakhale tsiku limodzi.

Msana unayamba kuwapweteka kalekale. Kenako miyendo kutupa. Sabata imene anawagoneka kuchipatala anali atangonyika nsalu, ndowa ziwiri za madzi a utoto zili kuseri kwa bafa. Ndikuwamwetsa phala anandigwira mkono. "Olivia, ndowa zija." Ine ndinati mukataya nokha mukatuluka. Sanatuluke.

Dzulo linali tsiku lochapa zovala za malemu kuti abale agawane. Ndowa zobwereka pamaliro eni ake anali atatenga, pakhomo panangotsala ziwiri zija, madzi ake atachita ndere pamwamba, akununkha. Azakhali athu a Esime, amene amayendetsa zonse pamaliropa, anati, "Kakhuthule kunyanjako, utsuke, tichapiremo. Dzuwa likupita."

Tonse tinali titatopa. Masiku anayi kuphikira anthu, kugona pansi, kulira mpaka mawu kusasa. Sindinatsutse. Ndinasenza ndowa imodzi n'kutsetsereka. Nditafika pamchenga ndinapeza mayi wina wapafupi nafe akutsuka usipa m'dengu, madzi ali m'mawondo. Pambali pake ndi pamene ine ndimatunga m'mawa uliwonse. Ndinaima. Ndowa ikundilemera, koma manja akukana kutula.

Ndinatembenuka.

"Iwe Olivia, mutu wasokonekera?" anakuwa azakhali. "Nyanja waisiya kumbuyo!"

"Ndaiona, azakhali."

"Mwini wake wapita. Akuona ndani?"

Ndinangopitirira kulunjika kuchitunda. Alamu a Misheck, amene chiyambire maliro anangokhala duu pamkeka, anadzuka n'kunyamula ndowa yachiwiri. Kusenza sadziwa. Anaigwira m'manja, madzi akukhavukira pathalauza lawo la kutchalitchi.

Kanjira kakudzenje n'kakang'ono, ka munthu mmodzi. Palibe wina amapitako, anakapanga ndi mapazi a achemwali okha. Tinapumula kawiri. Pachiwiripo khosi langa linali litauma gwa.

"Alamu, ankakwera chonchi kangati?"

"Lachiwiri ndi Lachisanu," anatero akupuma movutika. "Ine ndinkangowayang'ana ndikusoka ukonde."

Tinakhuthula. Madzi analowa pang'onopang'ono m'makala muja. Tinakhala pansi pomwepo mpaka onse anaphwa. Potsika tinapeza azakhali akuchapira m'beseni la aneba, akung'ung'udza kuti zovala siziuma lero. Sizinaumedi.

M'mawa uno mayi Mwanamvua anabwera kudzatenga nsalu zimene achemwali ananyika komaliza. Anazitambasula, anati buluu wake wagwira bwino, n'kuyamba kulira. Kenako anandifunsa ngati ndingalowe m'malo mwa achemwali. Ndawauza kuti andipatse nthawi. Kusoka ndimangoyesa, ndipo khosi likundipwetekabe.

Zovala tagawana masana ano. Madiresi apita, zitenje zapita, yunifomu ya chigwirizano yapita kwa azakhali. Pamkeka panatsala nkhata ya achemwali, yosokedwa ndi tizidutswa ta zitenje, yakuda ndi thukuta. Palibe anaifuna. Ndatenga ine.