A Olipa Kunja kwa Mpanda

Alamu anga a Olipa Zgambo agwira ntchito m'khitchini ya koleji yathu kuno ku Lundazi zaka khumi ndi zitatu. Ine ndine Whiteson, kalipentala wa pa koleji yomweyo, ndipo timu yathu ikamasewera mpira woimba ng'oma ndimakhala ine. Ndikulemba izi mtima ukuwawabe. Amene akuona ngati ndikukokomeza adzandipeze kushedi kwanga tidzakambirane maso ndi maso.

A Olipa anabadwira ku Kapichila. Anakwatiwa ndi akulu anga a Ezron, amene anatisiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Pachalo, ali mu giredi 5. Abale anawauza kuti abwerere kumudzi akalime, koma iwo anakana. Anati mwana wayamba sukulu paboma, adzamalizanso paboma. Anagulitsa tomato pamsika zaka ziwiri, kenaka anapeza ntchito ya m'khitchini ija. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wa pakamwa pakuthwa. Ine amanditcha amuna awo a sipeya, amati ndinasungidwa nthawi yaitali mpaka ndinachita dzimbiri.

Pachalo anakula n'kutalika ngati bambo ake. Analowa pa koleji yathu yomweyi kuti akhale mphunzitsi, ndipo chaka choyamba chomwe anamuika pagolo. Zaka zitatu anakhala goloboyi wa timu. Aliyense paboma anamuonapo akugwira mpira, oyendetsa njinga za kabaza, ogulitsa zovala za salaula, ngakhale zidakwa za kuseri kwa msika. Amene anali asanamuonepo ndi mayi ake okha.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mpira wa pakhomo umayamba Loweruka 3 koloko masana, nthawi yomwe a Olipa amakhala akudula kabichi ndi kusankha nyemba za ophunzira mazana anayi. Zenera la khitchini linayang'ana ku mulu wa nkhuni. Phokoso la kubwalo ankalimva, koma kuti adziwe chachitika ankadikira munthu wobwera kudzapempha madzi akumwa. Lolemba lililonse ankachapa majezi a timu yonse, khumi ndi asanu ndi atatu, pamodzi ndi masokosi onunkha aja. Palibe ankawalipira. Anangopemphedwa kamodzi ndi a Benwell, ntchito n'kukhala yawo.

A Benwell ndi osunga katundu pa koleji komanso oyang'anira timu. Kutchalitchi amakhala pa benchi ya kutsogolo, ndipo akamapemphera amatseka maso mwamphamvu mpaka nkhope kuchita makwinya. Muwakumbukire amenewa.

Chaka chatha timu yathu inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha makoleji, ndipo mpirawo unali wokasewerera ku Chipata, pabwalo la anzathuwo. Unalinso mpira womaliza wa Pachalo, chifukwa anali akumaliza maphunziro ndipo ananena yekha kuti akayamba kuphunzitsa magolovesi adzawapachika. A Olipa anadziwa kuti akaphonya uwu ndiye kuti basi. Anagwirira mnzawo Linah ntchito Masabata atatu otsatizana kuti apeze Loweruka limodzi lokha. Dzina lawo linalembedwa pa mndandanda wa okwera basi ya koleji, ndinaliona ndi maso angawa. Anasoketsa diresi ya chitenje chobiriwira, mtundu wa timu yathu, ndipo anakazinga beseni lodzaza vitumbuwa kuti anyamata azidya panjira.

Loweruka m'mawa basi inadzaza pageti. Munali osewera, ophunzira aamuna ndi aakazi, aphunzitsi awiri, ndi akazi awo a Benwell amene za mpira sadziwa kanthu, ankangopita kukagula nsalu ku Chipata. A Olipa anakhala pampando wachitatu, beseni pamiyendo. A Benwell anapemphera pemphero lalitali, anatchulamo Davide, anatchulamo Goliyati. Atati ameni anayenda n'kukaima pafupi ndi alamu anga.

"Amai, pepani, tsikani pang'ono tikambe."

"Kambani pompano, a Benwell. Miyendo yanga yakhala kale."

A Benwell anatsitsa mawu, koma basi yonse inali chete. "Akulu amene anakonza timu akamba kuti mai wa kipa asaone mwana wake ali pagolo. Mtima wa mai ukanjenjemela, manja a mwana amatelela. Onani, zaka zitatu simunamuonepo, ndiye chifukwa chake agwila bwino."

Akulu okonza timuwo tonse tinkawadziwa. Ndi nkhalamba ina ya cha ku Chikomeni imene a Benwell ankaiyendera mwakabisira mpira waukulu ukayandikira. Kathumba kake ka mankhwala kanali pansi pa mpando wa dalaivala pamene tinkapempherapo.

"Zaka zitatu nenze kudula kabichi," anatero a Olipa. "Sinenze kukonza mankhwala ya munthu."

"Ni nkhani ya koleji yonse, amai. Mutikhululukile."

Taonani mmene munthu amakubera. Mayi walephera kuona mwana wake chifukwa chodyetsa ana a eni, ndiye wina akutenga kulephera komweko n'kunena kuti ndiwo mankhwala a timu. Manja omwewo ndi abwino pochapa thukuta la anyamata khumi ndi asanu ndi atatu, koma maso awo akhala tsoka. Ndinapsa mtima, koma ndinene zoona, sindinalankhule. Ndinakhala duu, ng'oma pakati pa miyendo, kudikira kuti wina ayambe. Aphunzitsi aja ankayang'ana mafoni awo. Pachalo anali kumbuyo, tizingwe ta nyimbo m'makutu, atazyolika.

A Olipa anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo kanthawi. Iye sanadzutse mutu. A Olipa anaimirira, anaika beseni pampando, anatsika. Basi isananyamuke n'komwe akazi a Benwell anali atavundukula kale nsalu ya pabeseni.

Basi inayenda pang'ono, manyazi anandigwira. Ndinamenya chitseko, dalaivala anaima, ndinatsika ndi ng'oma yanga. A Benwell anakuwa kuti timu ipita bwanji popanda ng'oma. Ndinawauza kuti auze kathumba kawo kaziimba.

Ndinawapeza alamu akuyenda molunjika kumsewu wa ku Chipata, osati kunyumba.

"Muyenda kuti, alamu?"

"Ku mpila. Kapena mseu nawo ni wa a Benwell?"

Tinaima pamsewu pafupifupi ola lathunthu. Kenaka panabwera lole yonyamula matumba a mtedza, dalaivala wake Steven timapemphera naye. Kutsogolo kunali kodzaza, choncho tinakwera pamwamba pa matumba. Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, diresi yatsopano, kukwera lole ngati mbuzi ya pamalonda, pamene pampando pawo m'basi pakhala beseni. Dzuwa linatiwotcha, mphepo inatiumitsa milomo, ndipo m'malo okumbika fumbi linkatikuta mpaka osaonana. Titadutsa Lumezi tayala linaphulika. Tinakhala pamenepo ola lina, Steven akutukwana jeke wake.

Ine njira yonse ndinkalalata. Ndinawatukwana a Benwell, nkhalamba ya ku Chikomeni, aphunzitsi a mafoni aja, ndipo Pachalo ndinati ndikakamupeza ndikamukoka khutu ngakhale wandiposa msinkhu. A Olipa anangoti, "Sungani mphamvu, amuna anga a sipeya, muzaimba na chani ng'oma?" Kenaka anandifunsa ngati n'zoona kuti Pachalo amalavulira m'magolovesi mpira usanayambe, chifukwa anamva anthu akunena. Ndinati n'zoona. Anaseka, anati chizolowezi chonyansacho anatengera kwa bambo ake, amene ankalavulira m'manja asanagwire khasu.

Tinafika ku Chipata kutatsala theka la ola kuti mpira uyambe. Diresi yobiriwira ija inali itafiira. Bwalo la anzathuwo n'lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa wautali, geti limodzi. Anyamata a kumeneko atationa ndi ng'oma anayamba kutigemula, ati a ku Lundazi abwera kudzalira maliro awo omwe. Zimenezo sizinandipweteke, ndiwo mpira. Chimene chinandipweteka n'chakuti pageti, pambali pa wogulitsa matikiti, panaima munthu wa kwathu, a Benwell, atatambasula manja ngati akutchinga nkhuku.

"Amai, chonde. Mwafika kutali, koma chonde."

"Geti iyi si yanu," anatero a Olipa. "Itanani mwana wanga. Akakamba yekha kuti nikhale panja, nizakhala."

Ndinali wotsimikiza kuti apa tapambana. Mwana amene anakula ndi tomato wa pamsika sangakanize mayi ake pageti.

Pachalo anabwera atavala kale jezi yake yachikasu ndi magolovesi. Sanatuluke, anaima m'kati mwa geti, chammbali, osafuna kuyang'anana ndi mayi ake.

"Amama, monile," anatero chapansipansi. "Ine sinikhulupilila vimenevi. Koma anzanga onse amvela. Akakuonani mukati azayamba kuopa, ndipo tikaluza azakamba kuti ndimwe. Muzankhala bwanji pa koleji? Sinifuna anthu akukambeni."

"Iwe mwana," ndinayamba ine, koma alamu anandigwira mkono.

"Wadya?" anamufunsa.

"Nadya, amama."

"Yewo. Yenda ukagwile."

Anathamanga kubwerera. A Benwell anapumira m'mwamba. Ine ndinkafuna kuwaswa mutu ndi ng'oma, ndipo ndikanatero ndikanagona tulo tabwino m'chitokosi. Ndinati nanenso sindilowa. A Olipa anakana.

"Lowani. Ine ku khichini ninazolowela kumvela na matu, koma kuno phokoso ni la eni, sinizadziwa. Akagwila mpila Pachalo, menyani katatu mwamphamvu, muleke pang'ono, ndiye mupitilize nyimbo yanu."

Ndinalowa. Ife a ku Lundazi tinali anthu makumi anayi pakona, eni bwalo mazanamazana. Ndaimba ng'oma zaka zambiri, koma sindinaimbepo ndi ukali ngati tsiku limenelo. Pachalo akagwira mpira ndinkamenya katatu, manja mpaka kuchita dzanzi. Ophunzira athu ankadabwa kuti adada a ng'oma asokonezeka bwanji lero, akudula nyimbo pakati. Sindinawafotokozere.

M'chigawo choyamba anyamata athu anagoletsa chigoli chimodzi. Chigawo chachiwiri chonse mpira unali pagolo pathu. Kutatsala mphindi zitatu wotchinga kumbuyo wathu anagwetsa munthu m'bokosi, oimbira analoza penate. Bwalo lonse linaimirira. Mnyamata wa ku Chipata anaponya mwamphamvu, pansi, pakona. Pachalo anadziponya n'kuufumbatira pachifuwa, osautaya. Ndinamenya katatu, chikumba cha ng'oma chinang'ambika pakumenya kwachitatu.

Tinapambana. Anthu anamunyamula Pachalo pamapewa kuzungulira naye bwalo. A Benwell ankayenda uku ndi uku akugwira anthu chanza, akuti, "Mwaona? Mwaona ka?" Ndipo anthu ankagwedeza mitu kuvomereza. Apa ndiye panandiwawa koposa. Tikanagonja bodza lawo likanafera pomwepo. Tsopano mwana wagwira ndi manja ake, mwa khama lake, koma ulemu wapita ku kathumba, ndipo mayi wina aliyense wobereka goloboyi pa koleji yathu adzatsitsidwa basi mpaka kalekale.

Ndinatuluka anthu asanayambe kupanikizana pageti. Ndinawapeza alamu atakhala pa kalavati tsidya la msewu, pafupi ndi mayi wogulitsa nzimbe. Pamiyendo pawo panali timiyala tisanu ndi tinayi. Nthawi iliyonse ndikamenya katatu ankatola kamodzi.

A Benwell anatulukira pambuyo panga, thukuta lili kamukamu, chikho chili m'manja.

"Amai, mwatigwilila nchito yaikulu lelo. Chikho ichi ni chanu. Mu basi malo alimo, bwelani."

A Olipa sanachiyang'ane n'komwe chikhocho. A Benwell anaima kanthawi, anaseka okha, n'kubwerera. Ine ndinakhala pansi pa kalavatipo, ng'oma yong'ambika pambali. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndinene za anthu a m'basi ija, koma alamu ananditsogolera.

"Ija yothela, anthu anakhala zii poyamba. Yenze penate?"

"Yenze penate."

"Anagwila olo anangokankha?"

"Anagwila, alamu. Na manja yonse yawili, pachifuwa."

"Anagwela mbali iti?"

"Kumanzele."

Anasuntha timiyala tija ndi chala. Kenaka anagwira phewa lawo lamanzere n'kulisisita pang'onopang'ono.

"Ni kwamene anathyoka ali mwana, pamene anagwa mu mtengo wa mango," anatero. "Kambani bwino, a Whiteson, osathamanga. Yambilani pamene analavulila mu magolovesi."