Ng'oma Imene Elifala Anang'amba

Sukulu ya malata imene ili patsinde pa phiri lina kumpoto kwa Dowa inayamba ndi munthu wamfupi, wachibwibwi, dzina lake Elifala. Amishoni anamutumiza kumeneko ndi masileti asanu ndi ng'oma yoitanira ophunzira. Anamanga chisakasa cha udzu, koma oyamba kubwera sanali ana ayi. Anali madoda a ndevu zawo, ofuna kudziwerengera okha makalata a abale awo a ku Halale. Ankalemba pamchenga ndi chala, malilime ali kunja, uku akunyozana chifukwa cha zilembo zopindika.

Itabuka nkhondo ya Ajeremani, asilikali anayamba kugwira amuna m'midzi kuti akakhale amtengatenga, osenza katundu wa nkhondo. Ambiri opita sankabwerako. Amuna a m'mudzimo anathawira m'mapanga a m'phiri, atapangana ndi mphunzitsi wawo kuti ng'oma ikalira ndiye kuti kuli bata, atsike adzaphunzire.

Wina wapakamwa anaulula. M'mawa wina kunafika asilikali asanu ndi atatu, zingwe zili m'manja, ndipo mkulu wawo analamula Elifala kuti aimbe ng'omayo. Elifala, munthu amene ankathawa ngakhale kagalu ka mnansi wake, anasolola mpeni nang'amba chikopa cha ng'oma iwo akuona.

Anamuvula malaya namugoneka chafufumimba pabwalo. Chikoti cha mvuu chinadula msana wake mpaka magazi anayenderera m'fumbi. Mkazi wake Kezia atadzigwetsa kuti amutchinge, anamuponda ndi jombo m'nthiti. Kenaka anaika dzanja lamanja la mphunzitsiyo pamwala naliphwanya ndi mfuti.

"Ndipheni, bwana," anatero Elifala, chibwibwi chitatheratu. "Anthu anga simuwaona."

Chifukwa cha ukali chabe, asilikali anayatsa sukulu ija. Apa mpamene nkhani imapweteka mtima. Amuna aja ataona utsi ali kuphiri, nzeru zonse zinawathawa. Anatsika chothamanga, nthambi zaziwisi m'manja, kudzazima moto padenga limene anafolera okha. Elifala anayesa kukuwa kuti abwerere, koma mawu anali atamuthera. Khumi ndi asanu ndi awiri anamangidwa zingwe m'khosi. Mmodzi wa amunawo, Solomoni, amene anayesa kulimbana ndi asilikali, anamuwombera pomwepo. Kunkhondoko anabwerako anayi okha.

Elifala anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Iye ndi akazi amasiye anamanganso sukulu, poyamba ya dothi, kenaka ya njerwa zootcha ya zipinda zitatu, ndipo anaphunzitsapo zaka zina makumi awiri. Anthu akamamutama kuti anali wolimba mtima ankangodzuka nkuchokapo, poti kulimba mtimako sikunapulumutse munthu.

Ntchito imene inkamulemera koposa inali kuitana maina m'mawa. Mwana aliyense analembedwa m'buku ndi dzina la bambo wake. Choncho tsiku ndi tsiku Elifala ankatchula mokweza amuna aja mmodzimmodzi, ana awo nkumayankha kuti alipo.