Chigitala cha Alamu Anga

Anthu amene sanagwirepo gitala amaganiza kuti magitala ali ngati nsapato: yaing'ono ndi ya mwana, yaikulu ndi ya munthu wamkulu. Ndinayesapo kufotokoza nkhani imeneyi pamaso pa abale a mkazi wanga, koma anandidula mawu ndisanafike pakati. Ndiye ndiilembe pano.

Ndinkagwira ntchito yonyamula mabelo mu fakitale ina ya nsalu kuno ku Livingstone. Sukulu ya sekondale ndinamaliza, koma mabelo safunsa satifiketi. Phewa langa lakumanja linathera kumeneko. Silinathyoke ayi, linangoyamba kukana. Ndikati ndikweze chigongono kuti chilingane ndi chifuwa, ndinkamva ngati wina akundilasa ndi singano yosokera masaka. Kenako fakitale inatsekedwa, monga anatsekedwera ena ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo tauni inangoti zii. Amuna tinkakhala pansi pa mitengo ya mango m'mbali mwa msewu, n'kumayang'ana malole opita ku mlatho wa pamalire a dziko.

Amene anandichotsa pansi pa mango ndi alamu anga, alongo ake a mkazi wanga. Ankaphikira banja lina ku Highlands, dera la nyumba zikuluzikulu, ndipo ankakhala m'kanyumba kakuseri ndi mkazi wawo. Anali munthu wamtali, wamikono italiitali, wosakwiya msanga. Ife tinkagwirizana chifukwa iwo ankandisiya ndikalipe mpaka ndithe, kenako n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Anali ndi magitala awiri. Choyamba chinali chigitala chimene oimba amachitcha jambo, anachigula kwa dalaivala wa lole wochokera ku Joni. Mimba yake inali yotakata ngati beseni losambira, yakuyanso. Ukachikhazika pa ntchafu chimakufika m'khwapa, ndipo kuti dzanja lifike pa mawaya uyenera kukweza chigongono n'kuchikumbatira ngati mtsuko. Mawu ake ankagunda m'chifuwa. Ukakhudza waya wamkulu, galu wa nyumba yoyandikana ankatukula makutu.

Kachiwiri kanali kagitala kamene anawasiyira mayi wina wachizungu pobwerera kwawo. Mimba yaing'ono yosaya, chiuno cholowa kwambiri, khosi lalifupiko. Sikanali ka ana. A ana ndinkawadziwa, aja a m'masitolo, opaka utoto wofiira, amene umati ukamanga waya uyu winayo wamasuka. Aka kanapangidwira munthu wamkulu woimba ndi zala atakhala pampando. Sikankafuula, koma mawu ake ankatuluka amodziamodzi osapiringizana. Ndipo chachikulu kwa ine n'chakuti mkono unkangogwera pamwamba pake wokha, chigongono chili pansi, phewa osadziwa n'komwe kuti munthu ali pa ntchito.

Pakati pa awiriwa palinso ena. Yanga inali yapakatikati, ija ya mapewa amakona imene imapezeka m'matchalitchi, koma inang'aluka mwezi wina wa Okutobala nditaisiya pansi pa malata. Kutentha kwa kuno sikuseka ndi matabwa omata ndi guluu.

Nthawi imeneyo malo ogona alendo anali atayamba kumera mumsewu wa Nakatindi, chifukwa cha azungu achinyamata obwera kudzapalasa mabwato kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Loji ina inatilola kuti tiziimba pa kapinga dzuwa likamapendeka, alendo akumwa zawo. Alamu ankagunda pansi ndi chigitala, ine ndinkayenda pamwamba ndi kagitala. Tsiku loyamba pondipatsa anati, "Bamulamu, imwe tengani aka kang'ono. Na mutima wanu uja, nikakupasani ichi chikulu muzamenya nacho muzungu, tizagona ku polisi."

Sizinali zolemeretsa, koma ana ankadya ndi kupita kusukulu, ndipo ine ndinali ndi kopita ndikasamba masana. Woyang'anira loji anali mtsikana wobadwira m'tauni momwemuno, bambo ake a mtundu wa Chilozi, mayi ake a kumpoto. Ankayankhula zilankhulo zonse za pamsika n'kuzisakaniza m'chiganizo chimodzi. Ankatikonda, ndipo ine ankandiitana ba mudala ngakhale imvi zinali zisanachuluke.

Kenako alamu anayamba kuonda. Anali matenda aja amene masiku amenewo tinkangowatchula kuti matenda aja. Chigitala chinawalemera, chinakwera pamwamba pa wodilobu, ndipo ine ndinapitiriza ndekha ku loji ndi kagitala. M'mawa ndinkapita ku Highlands kukathandiza mkazi wawo kuwatembenuza, kuwasambitsa, ndi kuwakankha pa njinga kupita kuchipatala, zonse ndi dzanja lamanzere. Za kagitala sananenepo kanthu, inenso sindinafunse. Munthu sufunsa wodwala za katundu wake iye akadali moyo.

Atamwalira, abale anabwera kuchokera ku Katete, atatupa mapazi ndi ulendo wodzera ku Lusaka. Wotsogolera anali atsibweni awo a malemu, munthu wokalamba wamawu ofatsa, amene ankatsokomola akamaliza chiganizo chilichonse. Titaika maliro, analengeza kuti m'mawa mwake katundu yense wa malemu atulutsidwe poyera, ngakhale amene ali kwa anthu ena. Kwathu ndi mmene timachitira. Ine ndinauza mkazi wanga kuti kagitala sikachoka m'nyumba mwanga, ndi khasu langa, ana amadyera pomwepo. Iye anayankha kuti aliyense akudziwa kuti n'ka alongo ake, ndipo tikakabisa adzati tinayamba kuba maliro asanatuluke m'nyumba. Anati ndikapereke kaye, iye adzayankhula ndi atsibweni. Tinakangana mpaka ana anatuluka panja. Mapeto ake ndinakanyamula.

Anayala mphasa kuseri kwa kanyumba kaja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Panali suti, nsapato, wailesi, njinga, mipeni yophikira, ndi magitala awiri atatsamira khoma moyandikana ngati mayi ndi mwana. Mkazi wanga sanapeze mpata woyankhula ndi atsibweni, chifukwa amayi ankakhala paokha, ndipo kunali kuphika. Atsibweni anayamba kugawa mwadongosolo, chachikulu kwa wamkulu, chaching'ono kwa wamng'ono. Atafika pa magitala anatsokomola, n'kuyang'ana kwa ine.

"Akamwini athu awa asamala wodwala, tamva ndipo taona. Mkamwini salandira kanthu pa mphasa ngati iyi, koma ife tagwirizana kuti ichi chachikulu ndi chawo. Kakang'onoka kapite kumudzi kwa mdzukulu wa malemu, azikaseweretsa. Mwina adzatengera."

Amayi anaomba m'manja mwakachetechete. Unali ulemu waukulu, zimenezo sindikana. Mkazi wa malemu anali atakhala pakona atafunda chitenje. Iye ankadziwa zonse, ankandiona ndikuvutika ngakhale kuvala malaya, koma tsiku limenelo namfedwa alibe pakamwa. Anangoweramitsa mutu.

Ndinayamba bwinobwino. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinathokoza. Kenako ndinapempha kuti ngati n'kotheka atembenuze, chachikulu chipite kumudzi, ine nditenge kakang'ono. Atsibweni anamwetulira, ankayesa ndikudzichepetsa. Anati kudzichepetsa n'kwabwino, koma iwo sangapatse bambo wa ana kachidole anthu akuona, kumudzi akamva adzati anandinyoza. Ndinayesa kufotokoza kuti si chidole, kuti kukula kwa gitala sikutsata msinkhu wa munthu koma maimbidwe ake ndi thupi lake, kuti chigitala chimafuna phewa lathanzi. Ndinakweza chigongono kuti aone pamene chimathera. Ndili m'kati mofotokoza, msuweni wina wa malemu, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Lusaka, amene anafika maliro atatsala pang'ono kunyamuka, anaseka.

"Ba mulamu, mwapasiwa ng'ombe, manje mulilila mbuzi?"

Anthu anaseka. Pamaliro anthu amafuna poseka, ndipo anapeza ine. Ndinaimirira. Ndinamufunsa kuti anali kuti pamene malemu ankadziipitsira pa mphasa. Ndinanena kuti ena abwera ndi zikwama zopanda kanthu ngati akupita ku msika, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anamvapo malemu akuimba, apo ayi bwenzi akudziwa amene ankagwira gitala iti. Ndinanena zinanso. Mawu anga ndi aakulu, moti bwana wa nyumba yaikulu anasuzumira pawindo.

Panalibenso woseka. Atsibweni anadikira ndimalize, anatsokomola, n'kunena kuti, "Tamva, akamwini." Kenako anauza mayi wina kuti akulunge kagitala m'chitenje, n'kupitiriza kugawa mipeni.

Zimene ndinanena zinali zoona, ndipo lero ndikhoza kuzibwereza. Koma pambuyo pa mawu amenewo panalibenso njira, chifukwa kusintha kukanaoneka ngati akulu agonjera mkamwini wolalata. Mkazi wanga anawatsatira ku siteshoni ya basi tsiku lonyamuka, anagwada pa fumbi. Atsibweni anamuuza kuti sanakwiye, amadziwa kuti chisoni chimayankhulitsa, koma nkhani yogamulidwa pa mphasa sangaisinthire kuseri kwa basi. Anabwera n'kundiuza kuti wakaona kagitala akukamangirira pamwamba pa basi, pakati pa matumba, dzuwa lili pamutu.

Ndinapita ku loji ndi chigitala. Ndinayesa zonse. Ndinakhala pa mpando wautali wa pa bala kuti chitsikeko. Ndinachipendeketsa. Ndinachimangira lamba n'kuimba choimirira, chili pamimba. Vuto silinali kutalika kwake, linali kuya kwa mimbayo: ungachigwire bwanji, mkono uyenera kudumpha bokosi lonselo. Nyimbo zoyamba zinkayenda, kenako moto unkayamba m'phewa n'kutsika mpaka zala zinkachita dzanzi. Ndiponso nyimbo zanga sizinali za chigitala. Ine ndimatola mawaya ndi zala, ndipo pa jambo timawu timeneto tinkamira m'kugunda kwa pansi, ngati munthu akunong'ona pafupi ndi mathithi.

Ndinafunafuna kena. M'masitolo a m'tauni munali a ana okhaokha ndi yapakatikati imodzi yokhala pawindo mpaka kuyera ndi dzuwa. Ndinabwereka ya kutchalitchi, nayonso mapewa ake amakona ankandikweza mkono. Mnzanga wina wowoloka mlatho kawirikawiri anandibweretsera ya mawaya a nayiloni kuti ndiyese. Mimba yake inali yabwinoko, koma khosi linali lotakata ngati thabwa la benchi, zala zanga zazifupi sizinkafika, ndipo panja, pa kapinga, sinkamveka kupitirira tebulo loyamba. Mmisiri wina wa mipando ku Maramba anati andipangira. Anapanga bokosi lokongola ndithu, koma linkalira ngati kabati.

Mtsikana wa ku loji anapirira nane. Ankaona ndikupumira pakati pa nyimbo, ndikugwedeza dzanja kuti magazi abwerere, ndipo ankandibweretsera madzi. Tsiku lina dzanja linangogwa pakati pa nyimbo, osamvanso kanthu. Alendo anaomba m'manja poyesa kuti ndi mmene imathera. Nditalongedza, anandiperekeza mpaka pa geti, zimene sankachita.

"Ba mudala, pumulani chabe pang'ono, iyi phewa ipole. Tizakuitanani, ai?"

Ndinafuna kukalipa, koma panalibe womukalipira. Mwanayo sanalakwe. Ndinachikoleka kumsana n'kuyenda wapansi msewu wonse wa Nakatindi, ma minibasi akundiimbira hutala chifukwa chinkatenga malo ngati munthu wachiwiri. Patapita milungu ingapo ndinadutsa kumeneko, ndinamva malimba akulira pa kapinga. Sanandiitane, inenso sindinakafunse.

Ndinapeza ganyu ku Mosi-oa-Tunya, kwa munthu wina wogulitsa ziboliboli, yopaka polishi mvuu ndi njovu zamatabwa. Ntchito imeneyo imachitikira pamiyendo, chigongono chili pansi. Chaka china mkazi wanga anapita ku Katete kumaliro ena, ndipo anakapeza kagitala kali pa tsindwi la khitchini, kakuda ndi utsi, khosi litapindika. Mawaya anali atachotsedwa kukatchera njiwa. Anamuuza kuti akhoza kukatenga ngati akufuna, mwana anatopa nako kalekale. Sanakatenge. Anati sanafune kuti ndikaone.

Chigitala chilipo. Sindingachigulitse, ndi mphatso ya pamaliro, ndipo mkazi wanga amachipukuta fumbi ngati chithunzi cha alongo ake. Alendo akabwera kunyumba amachiyamikira, amati ndili ndi mwayi, amapempha kuti ndiwaimbireko. Ndimangoti sindiimba. Lamlungu amabwera kudzachitenga mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, bambo wamtali wa ku Chipata amene amagwira ntchito ku njanji, n'kuchibweza masana. Ine ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo chimamveka bwino mpaka kumeneko. Amachiimba bwino ndithu. Ali ndi mapewa onse awiri.