Chidindo chimene a Jethro ankachinyoza

A Jethro Mbewe a ku Nabvutika, m’tauni ya Chipata, anayamba kunyamula anthu pa njinga ndevu zawo zisanaganize n’komwe zochita imvi. Siteji yawo ndi pa msika wa Kapata, pafupi ndi amayi ogulitsa nsawa. Njingayo simungaisowe: kumbuyo ili ndi khushoni yofiira ya mphonje, kutsogolo magalasi awiri osaonetsa kanthu, ndipo belu lake limalira pokhapokha tayala likagwa m’dzenje. Sukulu anailekeza giredi faifi, akuti aphunzitsi anali atayamba kubwereza zimene iwo ankazidziwa kale.

Chimene ankanyadira kuposa njingayo chinali chakuti ku Malawi ankapitako ngati kudimba, koma pa geti la pa malire la Mwami anali asanaimepo pamzere.

“Amayi anga anabadwira tsidya lija, agogo anga agona tsidya lino,” ankatero anzawo akamawamvetsera pa siteji. “Mbuzi za kwathu zimadya m’mawa ku Zambia, madzulo ku Malawi. Munaionapo mbuzi ili ndi pasipoti?”

Tamanda anafika kunyumba kwawo mwezi wa Januwale. Anali mtsikana wa kumudzi wina kufupi ndi Mchinji, ndipo anabwera ku Chipata kudzaphunzira unamwino. Malo ogona kusukuluko anali atadzaza, ndiye akazi a a Jethro, amayi Rosina, anamva nkhaniyo kutchalitchi n’kumupatsa kachipinda kakuseri. Anabwera ndi sutikesi, chidebe, ndi kathumba kapulasitiki kamene sankasiyana nako. M’menemo munali pasipoti ndi chilolezo chophunzirira m’dziko la eni. Bambo ake anali atamuuza kuti ataye chilichonse, ngakhale nsapato, koma osati kathumbako.

Milungu itatu yoyamba mwanayo ankadziwa njira imodzi yokha, yochoka kunyumba kupita kusukulu. Akabwerako, chitseko phaa, mabuku. A Jethro zinawanyong’onya.

“Iwe Nesi,” anamuitana Loweruka lina, “kuno unabwera kudzaphunzira kapena kudzabisala? Apolisi a kwanu akukufuna?”

“Ayi, malume. Kungoti ndine mlendo, ndikuopa kusochera.”

“Mlendo wa chiyani? Mlendo amalankhula Chinyanja choposa changa? Ku Mchinji ndi kuseri kwa nyumba uku. Kwera apa.”

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse masana a Jethro ankasiya makasitomala n’kumuzungulitsa tauni. Anamutengera ku Down Shops, kumene zitenje zimalendewera mpaka kukhonde, n’kumuphunzitsa kutuluka m’sitolo nkhope ili gwa kuti mwini wake akuitanenso. Anamuonetsa mzikiti, mabasi akuluakulu a ku Lusaka, ndi kanjira kodutsa kuseri kwa msika kamene kamakufikitsa kuchipatala osapuma fumbi la magalimoto. Pa Saturday Market Tamanda anafunsa ngati amagulitsa Loweruka lokha.

“Ngakhale Lachiwiri,” anayankha a Jethro. “Ife a Chipata dzina timapereka kamodzi, zotsatira zake si mlandu wathu.”

Zovala za pamulu zimene iye ankati kaunjika, anamuuza kuti kuno ndi salaula, ndipo akapitiriza kunena kaunjika amayi ogulitsawo amudziwa kuti ndi wa tsidya lija n’kumudula khosi pa mtengo. Mwanayo ankalemba zonsezi kumapeto kwa kope lake la sukulu, pansi pa mayina a mafupa a munthu. Pofika mwezi wa Juni anali atayamba kunena “manje” m’malo mwa “tsopano” pakati pa nkhani, ndipo amayi a pa Kapata ankamuitana “mwana wa a Jethro.”

Malo amodzi okha anatsala: phiri la Kanjala, lija limayang’ana tauni yonse.

“Pamwamba paja ukaima, kwanu ukuona bwinobwino,” anatero a Jethro. “Tsiku lina ndinaona mayi wina wa ku Mchinji akuyanika ufa.”

“Malume, bodza!”

“Ukalemba mayeso ndikakukweza, ukaone wekha.”

Mayesowo ankayamba Lolemba la sabata yoyamba ya Disembala. Anali omaliza a chaka, ndipo wosalemba sakanapita chaka chachiwiri. Lachisanu masana, kutatsala masiku atatu, kunabwera foni kuti amayi ake a Tamanda adwala kwambiri, akumutchulatchula. Mwanayo anatuluka m’chipinda maso ali psuu, kathumba kaja kali m’manja. Anati mawa lake akwera minibasi ya ku Mwami, akawaone, abwere Lamlungu.

Apa m’pamene a Jethro anaona kuti nzeru zawo zapeza ntchito.

“Pa Mwami? Ukataya tsiku lonse pamzere, kumbuyo kwa madalaivala a mathiraki. Ukadindidwa apo, ukwerenso ina mpaka pa boma, kenako uyende wapansi kubwerera m’mbuyo. Chonsecho mudzi wanu ndimaudziwa. Tikadzera m’madimba, kuwoloka kamtsinje kamodzi, wafika. Lamlungu ndidzakutenga njira yomweyo. Boma silidzadziwa n’komwe kuti unatuluka.”

Amayi Rosina, amene ankasenda nsawa pakhonde, anakweza mutu.

“Bambo a Lemmy, mwanayu ali ndi mapepala. Si mbuzi za kwanu.”

“Amake Lemmy, inu za malire mukuzidziwira kuti? Inu malire anu ndi a pakati pa ife ndi aneba.”

Tamanda anayang’ana amayiwo, anayang’ana malume ake amene chaka chonse anali asanamusocheretsepo, n’kukwera njinga m’mawa mwake. Kathumbako anakakoleka m’khosi, monga bambo ake anamulangizira. Kamtsinje anawoloka madzi ali m’kakolo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atakhala kale pamphasa pambali pa amayi ake, ndipo a Jethro anabwerera ku Chipata akuimba mluzu.

Madzulo a Lowerukalo mvula inayamba, ndipo siinafune kumva za kukata. Lamlungu a Jethro anafika pa kamtsinje kaja ali chinyowere, matayala atavala matope. Kamtsinjeko kanali katasanduka chinthu china. Madzi ofiira ankadutsa akubangula, atanyamula nthochi za m’madimba ndi chitseko cha khola la munthu. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, madzi osatsika. Anaimba foni.

Anayankha ndi bambo ake a Tamanda, ndipo m’pamene bambowo anadziwa njira imene mwana wawo anadzera.

“A Mbewe, mwati munamudutsitsa kuti?”

“M’madimba, achimwene. Ndi njira yathu ya makolo, palibe vuto. Madziwa akangotsika pang’ono…”

“Mwana wanga ali ndi pasipoti. Mawa m’mawa adzera pa geti ngati munthu.”

Lolemba m’mawa Tamanda anali pa windo la pa Mwami, bambo ake ali pambali. Wogwira ntchitoyo anatsegula pasipoti, anatembenuza masamba, anabwereranso koyamba. Sanakalipe.

“Chemwali, bukuli likuti inu muli ku Zambia, simunatulukeko. Nanga amene waima pamaso pangayu ndi ndani?”

Panafunika kufotokoza, kulemba makalata, kudikira akuluakulu, kubweranso tsiku lina. Anthu a pa geti ankangotsata ntchito yawo. Pamene nkhaniyo inkatha, sabata ya mayeso inali itatha nayo limodzi. Kusukulu ananena zimene malamulo awo amanena, kuti ngati akufuna abwereze chaka.

A Jethro anaimba foni kangapo. Bambo aja anayankha kamodzi kokha.

“Ndinapereka mwana kwa anthu a tchalitchi poganiza kuti ali m’manja. Amayi ake akufunika wowasamala. Akhala kuno.”

Khirisimasi inadutsa, Januwale anadutsa. M’kachipinda kakuseri yunifolomu yoyera inali pa msomali mmene mwini wake anaisitira, nsapato zoyera zili pansi pake. A Jethro akamapita kukatenga pampu ankalowamo ataweramitsa mutu. Pa siteji nthano ya mbuzi inasiya kumveka. Wina akaiyambitsa, iwo ankapeza sipoko yofunika kumanga.

Tsiku lina amayi Rosina analongedza zonse m’sutikesi n’kuiika pakhomo.

“Katundu wa mwana wa eni ake mukapereke.”

“Madzi atsika tsopano,” anatero a Jethro, “ndikadzera m’ma…”

Amayiwo anangowayang’ana, mmene amayang’anira nkhuku ikalowa m’khitchini.

Ndiye a Jethro Mbewe, munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, anafukula chiphaso chawo pansi pa bokosi, anakatenga kapepala kodutsira malire, n’kukaima pamzere pa Mwami, sutikesi itamangidwa pa khushoni yofiira. Pokonzekera kudikira tsiku lonse, anagula chimanga chootcha kuti azikukuta. Anafika pa windo chimangacho chisanafike pakati. Chidindo chinagwa, du! Wogwira ntchitoyo anati, “Muyende bwino, bambo,” n’kuitana wotsatira.

A Jethro anatuluka panja n’kuima, kapepala kudzanja lino, chimanga kudzanja linalo. Chinawakanika kumaliza. Anachiponyera agalu.

Kumudziko anapeza amayi aja atachira, akupeta mphale. Bambo a nyumbayo anawapatsa moni wa m’mano, anawalozera mpando, n’kupita kumunda. Tamanda anabwera kuchokera kuchitsime, anatula ndowa, n’kugwada.

“Malume, mwayenda bwanji? Mwadzera njira iti?”

Iwo anatulutsa kapepala kaja n’kumuonetsa chidindo. Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba, monga ankasekera pa Saturday Market. Kenako anatsegula sutikesi, anaona nsapato zoyera zija, kuseka kunatha. Anazipukuta ndi chitenje ngakhale zinalibe fumbi.

“Nesi,” anayamba a Jethro, koma dzinalo linawawawa m’kamwa. “Tamanda, mwana wanga, ine ndinkakuona ngati wa kwathu. Ndinaiwala kuti…”

“Inenso ndinaiwala, malume. Ndinakwera ndekha njinga ija.”

Nkhuku zinkatola mphale pansi pa lichero.

“Koma ndiuzeni zoona,” anatero Tamanda. “Pamwamba pa Kanjala, kuno kumaonekadi?”

A Jethro anayang’ana mapazi awo.

“Sindinakwerepo. Ndimangolidutsa m’munsi.”

“Ndinkadziwa,” anatero mwanayo, n’kutseka sutikesi.

Papita zaka ziwiri tsopano. Tamanda ali kwawo, amathandiza kuyeza ana kusikelo ya m’mudzimo, ndipo za sukulu bambo ake akuti adzaziona. Kachipinda kakuseri amayi Rosina amasungiramo matumba a nsawa.

A Jethro akadali pa Kapata, belu lawo likulirabe m’maenje. Januwale akafika, ana a sukulu achilendo amatsika m’mabasi ndi masutikesi, akuyang’ana uku ndi uku. Anzawo pa siteji amayamba: “A Mbewe, makasitomala anu awo, kawaonetseni madimba!” Iwo amangonyamula mwana mmodzi n’kumufikitsa kumene akupita, ndipo akamva kuti Chinyanja chake ndi cha tsidya lija, amafunsa asanamutsitse:

“Mapepala uli nawo? Ukamapita kwanu, udzere pa geti. Mzere wake si wautali, ndinauimapo.”